Mkamwini Wasasula Denga

Majidu anali munthu wophunzira, zimenezo panalibe wotsutsa. Koma kuphunzira kwina, abale, kumangokudzaza mutu n'kukusiya pakamwa pouma. Munthuyu akayamba kufotokoza za simenti ndi mchenga mumachita kumuletsa, koma kuti auze mkazi wake kuti wamusowa, aa, lilime linkakana.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki inatseka njanji, katundu akuchita kuzungulira maiko asanafike kuno. Malata anasowa, ndipo ukawapeza, ukamva mtengo wake unkangopukusa mutu n'kubwerera. Nanga mphepo ya mkuntho imadziwa zimenezo? Chaka china inadutsa ku Lirangwe ndi midzi ya kwa Chigaru, n'kusasula madenga a sukulu, a mizikiti ndi a nyumba za anthu, ana mpaka kumaphunzirira pansi pa mitengo ya mango. Akuluakulu a ku yunivesite kumene Majidu ankaphunzitsa anati pakufunika chofolera chimene anthu angaumbe okha pomwe pagwa ngozipo, osadikira sitima kapena lole. Kafukufuku ameneyo anamupatsa Majidu, pamodzi ndi shedi yakale ku Chileka, kuseri kwa bwalo la ndege.

Mu shedimo ndimo ankagwira ntchito, ndimonso ankagona. Ankasakaniza simenti, mchenga ndi ulusi wa khonje woduladula, kuthira m'chikombole, kugwedeza kuti mpweya utuluke, kenako kuviika matailosiwo m'thanki ya madzi mpaka akhwime. Pa zoviikazo ndiye sankamva za munthu. Ankati tailosi lovuulidwa nthawi isanakwane ndi labodza, lero lioneka bwino, mawa ling'aluka pamutu pa mwana wa mwini. Anzake a ku koleji poyamba ankabwera kudzaona, koma mafuta a galimoto atayamba kuvuta anasiya. Ankaphika yekha pa pulaimasi n'kudya ataimirira. Ndege ikatera ankatuluka kukasuzumira pa waya, kuonerera anthu akulandirana ndi kukumbatirana chapatali, kenako n'kubwerera ku matailosi ake. Lachisanu ankapita ku mzikiti, kuswali, n'kunyamuka anzake akuyamba kumene kucheza pakhonde. Ankasungulumwa koopsa, koma mukanamufunsa akanati watanganidwa.

Mkazi wake Sikina ankakhala kwawo ku Lirangwe ndi mwana wawo wamkazi, Mwanaidi. Majidu anali mkamwini kumeneko, ndipo mkamwini, kaya ali ndi madigiri angati, amayenera kumanga nyumba pamudzi pa mkazi wake. Anamanga ndithu, ya njerwa zootcha, ya khonde lalikulu. Pofolera ndiye panavuta.

"Bambo a Mwanaidi," anatero Sikina, "anzanga onse okwatiwa ndi amuna apantchito ali m'malata. Ine ndizigona pansi pa mapale?"

"Si mapale, mayi a Mwanaidi. Awa satentha, sachita dzimbiri, ndipo mvula ikamagwa anthu m'nyumba mumamvana polankhula."

"Ife timalankhula chiyani?"

Pakamwa Majidu akanati sangauze anthu kuti afolere ndi matailosi iye mwini ali m'malata. Koma mumtima munali china. Tailosi lililonse la denga limenelo anaumba ndi manja ake, akuganiza za mkaziyo, ndipo mphatso ina yoposa imeneyo sankaidziwa. Kungoti sananene. Sikina anangololera, nyumba inafoleredwa, mudzi wonse n'kuipatsa dzina loti ya mapale.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yambiri, ya mphepo, koma denga silinadonthe ngakhale pang'ono. Ndiye Sikina yemwe uja, wokana uja, ndi amene anayamba kuyankha akazi anzake pachitsime. Ankawauza kuti sekani, koma inu mukamatchera mabeseni m'nyumba ine ndimagona tulo. Mwamuna wake ankabwera mwa apo ndi apo, nthawi zina mwezi kutha osaoneka, ndipo anthu ankamufunsa mwachipongwe ngati banja lilipo. Iye ankangoloza denga.

Tsono kafukufuku ali ndi malamulo ake. Denga likatha chaka padzuwa ndi pamvula, umayenera kuchotsapo matailosi angapo n'kukawathyola, kuti udziwe ngati khonje lija silinaole mkati. Denga lokhalo limene linali litatha chaka, anthu akukhalamo, utsi ukukwera, linali la ku Lirangwe. Alendo amene ankathandiza kafukufukuyo analinso pafupi kubwera, ndipo zotsatira zikakhala zabwino, sukulu zosasuka zija zikanafoleredwa.

M'mawa wina mu Novembala, kunja kukutentha kale, a Goodwell, dalaivala wa ku yunivesite, anaimitsa Landirova pa shedi.

"Bwana, mafuta andipatsa a lero lokha, ndikatule mabuku ku sukulu ina cha ku Lirangwe. Ngati muli ndi zanu kumeneko, kwerani. Mukaphonya lero, kaya, mwina Khirisimasi itadutsa."

Majidu anayang'ana m'thanki. Matailosi oti akalowe m'malo mwa ochotsedwawo anali akadali m'madzi, asanakhwime. Anaganiza pang'ono, n'kutenga makwerero, waya ndi chipepala cha pulasitiki. Pa Lunzu anatsika kukagula shuga ndi sopo, mtima uli m'mwamba kuti akaona mkazi wake.

Anapeza nyumba yokhoma. Mayi wina wodutsa ndi ndowa anamuuza kuti Sikina walawirira ku mzere wa feteleza, mwana ali kumsana, ndipo mzere wake si wobwerako msanga. A Goodwell anatsitsa makwerero n'kupitirira ndi mabuku awo. Pamudzi panatsala munthu mmodzi yekha, apongozi ake aakazi, amene ankasenda mtedza pansi pa mtengo wa mango.

Majidu ananjuta chapatali n'kuomba m'manja. Apongoziwo anakokera mpango kumaso, n'kutembenukira kumbali, moni wawo n'kuyankhira ku tsinde la mtengo. Ndi mmene zimakhalira. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sacheza, ndipo mawu akakhalapo amadutsira mwa munthu wina. Munthu wina panalibe. Majidu anadikira kanthawi ali chinjutire, akusakasaka poyambira, kenako anadzuka n'kukatsamiritsa makwerero.

Anasankha mbali yoyang'ana kunjira, chifukwa ndi imene imaombedwa kwambiri ndi dzuwa ndi mphepo. Ankamasula waya, kukweza tailosi mofatsa, kulilemba ndi choko, kutsika nalo, kulikulunga m'chiguduli ngati dzira, n'kukweranso. Akazi ochokera kuchitsime anaima m'njira, ndowa zili pamutu. Wina anati, "Mayo ine, Sikina!" Majidu anamva, koma mawuwo anangodutsa. Pansi pa mango mtedza unali utasiya kusendedwa.

Kwathu kuno, mwamuna akakwera padenga la nyumba ya mkazi wake n'kuyamba kutsitsa chofolera, safunsidwa kuti akutani. Nthaka ndi ya mkazi, nyumba ndi ya mkazi, ana ndi a mkazi. Cha mkamwini ndi malata amene anagula, ndipo banja likatha ndi amene amasasula n'kunyamula. Majidu anakulira kumudzi, zimenezi ankazidziwa bwino lomwe. Koma tsiku limenelo m'mutu mwake munalibe mudzi, munali khonje lokha.

Landirova inabwerera ikuliza hutala. A Goodwell ankati dzuwa lapita ndipo galimoto ikufunika kutauni. Majidu anayala chipepala chija pa bowo, kuchimanga ndi waya mwachangu, kulongeza matailosi ake, kunjutiranso apongozi chapatali, n'kukwera. Fumbi linakwirira akazi aja. Atafika pa Lunzu phazi lake linagunda kanthu pansi pa mpando. Anali shuga ndi sopo uja.

Masiku otsatira anali okoma kwa Majidu, ndinene zoona. Ankaika tailosi pa zitsulo ziwiri, kupachika ndowa pakati pake, n'kumathiramo mchenga pang'onopang'ono mpaka lithyoke. Matailosi a ku Lirangwe ankakana. Ndowa inkadzaza, n'kupachikanso ina, tailosi lili chilili, ndipo likathyoka, ulusi wa khonje mkati unkaoneka woyera ngati wa dzulo. Ankaseka yekha mu shedimo, kuyang'ana uku ndi uku, popanda womuuza.

Ali mkati mothira mchenga choncho, pakhomo panaima munthu. Anali Fikirini, mchimwene wake wa Sikina, telala wa pa Lirangwe, yemwenso anali nkhoswe ya banjalo. Nthawi yomweyo tailosi linati phwaa, ndowa n'kugwa, zidutswa n'kumwazikira kumapazi a mlendoyo.

"Salamu aleikumu, alamu," anatero Fikirini, maso ali pa zidutswazo. "Ndiye munasasula kuti mudzaswe?"

"Aleikumu salamu. Ndikuyesa mphamvu, alamu. Taonani, ili lanyamula ndowa ziwiri, chikhalirecho latha chaka padzuwa."

"Mphamvu eti? Mudzi wonse ukudziwa kuti mwamusiya mchemwali wanga. Amayi chakudya sichikulowa. Ashehe andifunsa ngati mwapereka talaka yothetsa banja, ine nkhoswe osadziwa kanthu, kuchita manyazi ngati mwana."

Majidu anasiya mchenga uja. "Talaka? Ine?"

Anayamba kufotokoza, mawu akupunthwa, Chingerezi chikulowerera. Anatchula za alendo, za mafuta, za sukulu zopanda madenga, za apongozi amene sakanatha kuwalankhula. Fikirini anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukuta thukuta ndi kofia yake.

"Ine ndamva. Koma amene munakwatira si ine. Valani nsapato, basi ya masana tiipeza, mukanene zimenezi pamaso pa mwini wake ndi pamaso pa amayi."

Majidu anayang'ana m'thanki. "Ndikafike chimanjamanja, bowo lili pompo? Pofika Lolemba awa akhala atakhwima. Ndidzabwera nawo, ndidzatseka, aliyense adzaona yekha kuti sindinasasule."

"Alamu, kodi muli bwinobwino?"

"Ndikawavuula lero adzang'aluka."

Fikirini anavala kofia yake, n'kutuluka osatsanzika. Ha, ndikanakhalapo ine ndikanamukankha Majiduyo mpaka pa siteji. Za kukhwima zinali zoona, inde, koma chachikulu chinali mantha. Ankaopa kuima pamaso pa Sikina ndi pakamwa pokha. Ankaona ngati akafika ndi matailosi m'manja, matailosiwo akamulankhulira.

Lamulungu masana mitambo inada cha kumpoto. Majidu anaima pakhomo pa shedi akuyang'ana mdima umenewo ukutsika pa Lirangwe, ziphaliwali zikung'anima mkati mwake. Mphepo itafika ku Chileka inagwedeza shedi yonse. Iye ankadziwa bwino mmene anamangira chipepala chija, ndipo ankadziwa kuti waya wa changu chotero sungapirire mphepo imeneyo. Anakhala pa thumba la simenti, manja ali m'masaya, mpaka mvula inakata.

Lolemba anavuula matailosi, n'kubwereka njinga kwa wophika wina wa ku bwalo la ndege. Anawakulunga m'udzu ndi ziguduli, kuwamanga pa kaliyala ndi malamba a chubu. Njira yambiri ankachita kukankha, kuopa mabampu. Pa Lunzu anyamata ofunsa makhadi a chipani anamuimitsa, n'kufuna kudziwa chimene wanyamula mosamala chotero. Atawauza anaseka, n'kumuuza kuti apite ndi mapale akewo. Anafika ku Lirangwe dzuwa litapendeka.

Choyamba kuona chinali denga. Pa bowo paja panali lata lakale la dzimbiri, lochita kusolola pa khola la mbuzi la munthu, lotsindiridwa ndi miyala. Pabwalo panali matiresi, zovala ndi mabulangete zoyanikidwa pa chingwe ndi pa tchire. Pakhonde panali katoni yomanga ndi chingwe cha khonje. Sikina anali atagwada pa mphasa, akuyala ufa wonyowa ndi dzanja.

Atamuona anadzuka, kusasa manja, kukatenga mpando, kuuika pamthunzi, n'kugwada chapatali.

"Mwayenda bwanji?"

Ulemu umenewo, wa mlendo, unamupweteka Majidu kuposa kutukwanidwa. Sanakhale pampandopo. Anaima atagwirira njinga.

"Mayi a Mwanaidi, sizinali choncho. Sindinakusiyeni. Anthu sanamvetse."

"Anthu sanamvetse, inde. Ine ndinamvetsa." Sikina ankalankhula motsitsa, osakwiya. "Nditabwera ku feteleza ndinapeza amayi akulira, akazi atadzaza pabwalo pano ngati pamaliro. Ndinayang'ana padenga, ndinaona mmene munachotsera, mosamala, osaswa ngakhale limodzi. Ndinati awa ndi a ntchito, munthu wokwiya sasasula chonchi. Ndinawauza amayi kuti pukutani misozi, abwera adzafotokoza. Pachitsime ndinanenanso zomwezo, akundiseka. Tsiku limene achimwene anapita kukakutengani ndinapha nkhuku. Anabwera okha."

"Matailosi anali asanakhwime."

"Anandiuza."

Nkhuku zinayamba kujompha ufa pa mphasa. Palibe anaziingitsa.

"Mvula ija itabwera, pepala lanu linauluka, kaya linakagwera kuti. Madzi ankathira pabedi ngati pa mpope. Ndinabereka mwana kuthawira kwa amayi, anthu ali m'makonde mwawo akuonerera mkazi wa nyumba ya mapale. Ndili m'njiramo ndi pamene ndinazindikira kuti chaka chonsechi ndakhala ndikulondera katundu wa ku yunivesite. Ine ndimayesa ndi nyumba yanga."

"Ndi yanu, mayi a Mwanaidi."

"Ikanakhala yanga mukanandipempha."

Majidu ankafuna kumuuza kuti mu shedi muja amalankhula naye tsiku ndi tsiku, kuti poumba matailosi a denga limeneli ankaona nkhope yake, kuti popanda iye palibenso wina padziko amene amafunsa ngati wadya. Mawuwo analipo, onse. Sikina anamudikira. Anamudikira ndithu, akumuyang'ana m'maso, ndipo anthu amene anaona amati akananena kanthu pamenepo mwina katoni ija ikanamasulidwa.

Ataona kuti palibe chikubwera, Sikina anafunsa, "Nanga aja munatengawo, analimba?"

"Analimba kwambiri," anayankha Majidu msangamsanga, ndipo anachita manyazi kumva mmene mawu ake anatulukira mosavuta.

"Chabwino. Ndiye kuti ntchito yatheka." Sikina anadzuka. "Zovala zanu zili m'katonimo, ndazichapa. Ankhoswe akumana Lachisanu akachoka ku mzikiti. Achimwene adzakuuzani zotsatira."

"Ndiloleni ndingotseka bowolo. Sindichedwa."

"Musakwerenso padenga langa."

Majidu anayang'ana padenga, anayang'ana katoni, kenako anatembenukira njinga, pakuti kumeneko ndi kumene manja ake ankadziwa chochita. Anamasula malamba n'kuyamba kutsitsa matailosi limodzilimodzi, akuwaika pansi pa khonde.

"Ndiwasiye pano, a Fikirini adzaike," anatero, maso ali pansi. "Kungoti asawasanjike chogona, amathyoka. Aziwaimika chonchi, motsamira khoma. Poika ayambire m'munsi kupita m'mwamba, lapamwamba lizikwirira lam'munsi ndi zala zitatu. Waya asamange kwambiri, tailosi limafuna kupuma dzuwa likatentha. Ndipo akamaponda, aziponda pamene pali phaso, chifukwa pakati..."

Anadzutsa mutu. Pamphasa panali nkhuku zokha. Chitseko chinali chitatsekedwa, sanamve n'komwe nthawi imene chinatsekedwa.

"Chifukwa pakati sipalimba," anamaliza Majidu, akuuza chitsekocho.